Smooth jazz ndi jazz yachikale ndi ana a bere limodzi

Mnyamata wina amene ndimamuphunzitsa sakisofoni anafika kwathu tsiku lina nkhope ili yakugwa. Dzulo lake anali atayimba pa phwando la ukwati, ndipo atangotsika pansanja, bambo wina wachikulire anamukokera pambali n'kumuuza kuti zimene ankayimbazo si jazz ayi, ndi nyimbo zogonetsera ana. Mnyamatayo anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga jazz yeniyeni ndi iti?"

Ndinamukhazika pansi n'kumuyikira zimbale ziwiri. Choyamba chinali Winelight cha mu 1980, chofewa, chosalala, chomwe munthu angamvere akudya mgonero. Chachiwiri chinali Then and Now cha mu 1988, m'mene muli Ron Carter pa besi, komanso Tommy Flanagan ndi Herbie Hancock pa piyano, akuluakulu amene palibe angawakayikire pa jazz yachikale. Nditamufunsa kuti pa oliza sakisofoni awiriwa katswiri ndani, anasankha wachiwiri. Anadzidzimuka nditamuuza kuti ndi munthu mmodzi, Grover Washington Jr., amene ambiri amamutcha mmodzi mwa makolo a smooth jazz.

Kuti mkanganowu umveke, tiyambe ndi zimene khutu limamva, chifukwa kusiyana kulipodi ndipo sindikufuna kukubisa.

Nyimbo timaziwerenga m'timagawo totchedwa bar, ndipo kawirikawiri bar imodzi ndi kugunda kanayi: 1, 2, 3, 4. Mu jazz yachikale, wa ng'oma amasunga nthawi pa chitsulo chachikulu chija chotchedwa ride, chomwe chimalira kuti ting, ting-ta-ting, ting-ta-ting. Manoti sayenda molingana ngati asilikali pa perete. Imodzi imatalikirapo, inzake imafupika, ndipo nyimbo imakhala ngati ikudendekera kutsogolo. Kudendekera kumeneku ndiko amati swing. Wa besi yaikulu yamatabwa amaliza noti imodzi pa kugunda kulikonse, ngati munthu amene akuyenda ulendo wake mosathamanga, ndiye chifukwa chake amati besi yoyenda. Makodi, kutanthauza manoti atatu kapena anayi olizidwa pamodzi, amasintha pafupipafupi, nthawi zina kawiri mu bar imodzi. Gulu limayimba mutu wa nyimbo kamodzi, kenako aliyense amapatsidwa mpata wopeka zakezake pompopompo pamwamba pa makodi omwewo, kaya ndi blues ya ma bar 12 kapena nyimbo ya ma bar 32. Wopekayo akanena kanthu, wa piyano amamuyankha, wa ng'oma n'kuthirira ndemanga. Nyimbo imodzi ikhoza kutenga mphindi khumi.

Mu smooth jazz maziko ndi ena. Ng'oma yaing'ono imagunda mwamphamvu pa 2 ndi pa 4, monga mu soul ndi funk. Besi ndi yamagetsi, ndipo m'malo moyenda imabwereza kachidutswa kamodzi. Makodi amakhala ochepa, mwina awiri kapena anayi ongozungulira. Piyano nayo ndi yamagetsi, makamaka Fender Rhodes ija ya mawu ozizira. Chofunika kwambiri ndi mutu wa nyimbo, woti munthu akaumva kawiri ayambe kuung'ung'udza, ndipo kupeka pompopompo kumakhala kwakufupi.

Tsono wina akamva zimenezi amafulumira kunena kuti ina ndi yozama, ina ndi yamalonda. Apa ndi pamene ndimatsutsa, chifukwa mbiri ya anthu akuda a ku America sinena choncho.

Jazz inabadwira pakati pa anthu amene ankavina. Ku New Orleans kuli malo otchedwa Congo Square, kumene akapolo ankasonkhana Lamulungu kukaliza ng'oma ndi kuvina. Pamene jazz inkaumbika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, inkamveka m'misewu, m'maholo ovinira ndi pamaliro. Popita kumanda bandi inkayimba nyimbo za m'tchalitchi mwachifatse, pobwerera n'kuyatsa moto anthu akuvina pambuyo pake. Louis Armstrong anakulira m'menemo, ndipo moyo wake wonse sanachitepo manyazi kusangalatsa anthu. Duke Ellington ndi Count Basie ankayendetsa mabandi akuluakulu ovinitsa anthu usiku wonse. M'zaka za m'ma 1930 jazz ndiyo inali nyimbo ya aliyense.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1940. Charlie Parker, Dizzy Gillespie, Thelonious Monk ndi anzawo anayambitsa bebop, yothamanga ndi ya makodi ovuta, yofuna kuti munthu akhale pansi amvetsere. Mu 1944 boma la America linaikanso msonkho wokwera pa malo achisangalalo amene munkavinidwa, moti eni malo ambiri anaona kuti n'kwabwino kulemba kagulu kakang'ono koti anthu azingomvera. Bebop ndi luso lalikulu, ine ndimaiphunzitsa ndipo ndimaikonda. Koma anthu wamba a m'madera a anthu akuda sanasiye kufuna nyimbo yowagwedeza thupi, ndipo oyimba jazz ambiri anawatsatira. M'timabala ta ku Philadelphia, Newark ndi Pittsburgh munadzaza timagulu ta limba ya Hammond, gitala, ng'oma ndi sakisofoni, toyimba blues yonunkhira tchalitchi. Jimmy Smith ndiye anali mfumu ya limba imeneyi. Sukulu ya smooth jazz inali imeneyo. George Benson, mwana wa ku Pittsburgh, anakhwimira m'gulu la Jack McDuff woliza limba. Grover Washington Jr. nayenso anadzera m'magulu a limba asanatchuke.

Munthu amene ndimafuna ophunzira anga amudziwe bwino ndi Wes Montgomery wa ku Indianapolis. Ankaliza gitala ndi chala chachikulu m'malo mwa kapulasitiki kaja, ndipo mawu ake ankatuluka onenepa ndi ofunda. Kwa zaka zambiri ankagwira ntchito masana, usiku n'kumakayimba, kuti adyetse banja lake lalikulu. Chimbale chake cha mu 1960, The Incredible Jazz Guitar, mpaka lero oliza gitala amachiphunzira noti ndi noti. Kenako anayamba kugwira ntchito ndi Creed Taylor, wojambulitsa nyimbo amene anamuzunguliza ndi mavayolini n'kumupatsa nyimbo zotchuka za nthawiyo. A Day in the Life cha mu 1967 chinagulidwa kwambiri. Olemba za nyimbo anadandaula kuti wagulitsa luso lake. Ine ndikamvera zimbale zimenezo ndimamva chala chomwecho, blues yomweyo, kungoti akulankhula mawu ochepa. Anamwalira mu 1968 ali ndi zaka 45, atangolawa pang'ono phindu la thukuta lake.

Njira imene Montgomery anatsegula ndi imene Benson anadutsamo. Breezin' cha mu 1976 chinafika pa nambala 1 pa mndandanda wa zimbale zonse ku America, chinthu chosowa kwa woyimba jazz. Koma Benson yemweyo anali ataliza gitala pa chimbale cha katswiri wa jazz Miles Davis mu 1968, ndipo atatchuka anabwereranso kukajambula ndi woliza piyano wa jazz McCoy Tyner mu 1989, ndi bandi ya Count Basie mu 1990. Anthu awa sankaona mpanda pakati pa zamba ziwirizi. Ankalowa uku ndi uku ngati munthu wopita kwa amalume ake n'kubwerera kwa atate ake.

Nanga mpandawo anamanga ndani? Kwakukulukulu ndi wailesi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nyumba zoulutsira mawu monga KTWV ku Los Angeles ndi WNUA ku Chicago zinayamba kuulutsa nyimbo zofewa tsiku lonse, ndipo dzina loti smooth jazz linakhazikika m'nyengo imeneyo. Alangizi a zamalonda ankasonkhanitsa omvera, kuwamvetsera tizidutswa ta nyimbo, n'kutaya iliyonse imene inkaoneka kuti ingadzidzimutse munthu ali pa ntchito mu ofesi. Woyimba akafuna kumveka pa wailesi ankayenera kufupikitsa solo yake, mpata uja wopeka pompopompo, kuchotsa kulira kwaukali kwa sakisofoni, ndipo nthawi zambiri wa ng'oma ankalowedwa m'malo ndi makina. Pamenepa mpomwe panatayika chinthu chamtengo wapatali. Makina sayankha. Ungawalirire chotani, amangogunda momwe anawatcherera. Ife amene tinakulira kumene wina amatsogolera nyimbo ena n'kumavomera tikudziwa kuti nyimbo yopanda wovomera ndi yamasiye, ndipo anthu akuda a ku America anasunga mwambo womwewo m'minda ya thonje ndi m'matchalitchi mwawo. Choncho bambo uja wa pa ukwati sanalakwitse zonse. Nyimbo zambiri za nyengo imeneyo zinalidi zopanda mchere.

Palinso chinthu china chimene chimawawa. Chimbale choyamba cha jazz, mu 1917, chinajambulidwa ndi azungu a Original Dixieland Jass Band, pamene eni nyimbo monga King Oliver anadikira mpaka 1923. Patapita zaka zoposa 70, nkhope ya smooth jazz padziko lonse inakhala ya mzungu, Kenny G, amene chimbale chake Breathless cha mu 1992 chinagulidwa makope oposa 12 miliyoni ku America kokha. Sindikumuchitira nsanje munthuyo, anagwira ntchito yake. Koma ambiri amene amanyoza smooth jazz amangoona iye, n'kuiwala kuti munda unalimidwa ndi Montgomery, Washington, Benson, Stanley Turrentine, Earl Klugh ndi gulu la The Crusaders la ku Houston. Ukataya chamba chonsechi, wataya ndi ntchito ya anthu amenewa, pamodzi ndi omvera akuda mamiliyoni amene ankadzaza maholo kukawaona.

Mbali ya jazz yachikale nayo inali ndi nkhondo yake yoyenera. Wynton Marsalis, woliza lipenga wa ku New Orleans, anatulukira m'zaka za m'ma 1980 akulimbikira kuti swing ndi blues zisatayike. Anathandiza kuyambitsa bungwe la Jazz at Lincoln Center ku New York mu 1987, chaka chomwe nyumba ya malamulo ya America inavomereza mfundo ya phungu John Conyers yolengeza jazz kukhala chuma cha fuko. Mu 1997 Marsalis analandira mphotho ya Pulitzer. Pakanapanda khama lotere, ana ambiri sakanamudziwa Ellington. Pomwe ndimasiyana ndi ena a mbali imeneyi ndi pamene amaika jazz m'galasi ngati katundu wa kumalo osungirako zakale, woti azionedwa koma asakhudzidwe.

Wailesi zija zinayamba kugwa. Ina ya ku New York inasiya smooth jazz mu 2008, WNUA mu 2009. Kwa oyimba kunali kutaya msika, koma kunalinso kumasuka, popeza panalibenso wowayeza solo ndi wotchi. Kusakaniza zamba ziwirizi kumene tikumva masiku ano kwakula m'nyengo imeneyi.

Kumachitika bwanji pansanja? Njira imene ndimaikonda ndi yoyamba nyimbo mofewa, ng'oma ikugunda pa 2 ndi pa 4, anthu n'kuugwira mutu wa nyimbo. Ikafika nthawi ya solo, wa besi amasiya kubwereza n'kuyamba kuyenda, wa ng'oma n'kusamukira pa ride, ndipo mwadzidzidzi holo yonse ili mu swing osadziwa kuti yalowamo liti. Ena amachita mosemphanitsa: amatenga nyimbo yakale ya ma bar 32, makodi ake onse osachotsapo, n'kuikhazika pa kugunda kwa soul. Ena amabweza mwambo wakale wosinthana ma bar anayi anayi pakati pa sakisofoni ndi ng'oma, womwe sungatheke ndi makina. Pa zonsezi lamulo langa ndi limodzi: wa ng'oma akhale munthu wamoyo, ndipo aloledwe kuyankha.

Ulusi umene umasoka zonsezi ndi tchalitchi. Kirk Whalum, mwana wa m'busa wa ku Memphis, amene sakisofoni yake imamveka m'nyimbo yotchuka ija ya Whitney Houston ya mu 1992, I Will Always Love You, amawerengedwa m'gulu la smooth jazz, koma mukamvera zimbale zake za The Gospel According to Jazz mumva mlaliki akukweza mawu, mpingo ukuvomera. Robert Glasper wa ku Houston anaphunzira piyano m'tchalitchi momwe mayi ake ankayimba, anajambula jazz ya piyano, besi ndi ng'oma zokha ku kampani ya zimbale ya Blue Note, kenako Black Radio cha mu 2012 chinapata Grammy m'gawo la R&B. Mukamuona pansanja amadumpha kuchoka pa Herbie Hancock kupita pa hip hop mkati mwa nyimbo imodzi, makodi ake ali ozama chimodzimodzi.

Mnyamata uja ndinamupatsa ntchito yoti akachite kunyumba. Ndinamulembera blues ya ma bar 12 mu kiyi ya B flat, n'kumuuza kuti akaiyimbe kawiri tsiku lililonse: koyamba ndi besi yoyenda, kachiwiri ndi kugunda kwa pa 2 ndi pa 4, koma asasinthe mtima umene akulizira. Patatha milungu itatu anabwera akudandaula kuti yofewayo ndiyo ikumuvuta kwambiri, chifukwa manoti akachepa palibe pobisala, iliyonse imamveka poyera ngati yalira bwino kapena ayi. Ndinamuuza kuti atenge sakisofoni yake, ine ndinakhala pa piyano, ndipo tinayambira pa bar yoyamba, pang'onopang'ono.