Mkaka Suchotsa Poizoni wa Mankhwala Opopera

Ku msika wa Mbare Musika ndi m'madimba a ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, anthu athu ambiri amakhulupirira kuti ukamaliza kupopera mankhwala ophera tizilombo m'ndiwo zamasamba, kapu imodzi ya mkaka imatsuka poizoni yense m'thupi. Agogo ena amachita kulumbira nazo. Pepani agogo, koma zimenezi si zoona.

Mankhwala ngati dimethoate ndi malathion salowera m'kamwa mokha. Amadutsanso pakhungu, makamaka m'manja ndi kumsana pamene sipuleya ikudontha, ndipo ena timawapuma ndi mpweya. Akafika m'magazi amalepheretsa enzaimu yotchedwa acetylcholinesterase, yomwe imathandiza mitsempha kutumiza mauthenga bwino m'thupi, kugwira ntchito yake. Munthu amayamba kutuluka dovu ndi thukuta, kusanza, kuona mwachimbuuzi, kenako kubanika. Nanga mkaka uli m'mimba ukatsuka bwanji kumeneko? Mafuta ake angathenso kufulumizitsa mankhwala ena kulowa m'magazi.

Vuto lina silionekera tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala ena amasokoneza mahomoni pang'onopang'ono. Mu 1977, amuna ena ogwira ntchito pafakitale yopanga DBCP, mankhwala ophera tizilombo ta m'nthaka, ku California m'dziko la America anapezeka kuti sangabereke. DDE, poizoni yemwe amatsalira m'thupi mankhwala ophera tizilombo a DDT akaphwanyika, amatchinga mahomoni achimuna. Apa mkaka ulibe mbali.

Wina akadwala atapopera, muvuleni zovalazo, mumusambitse ndi madzi ambiri ndi sopo, osamusanzitsa. Thamangirani naye kuchipatala monga Parirenyatwa mutanyamula botolo la mankhwalawo, kuti adokotala aone ngati akufunika jakisoni wa atropine.