Hadeda anatsata mpope wa madzi

Amalawi ambiri amene mumagwira ntchito ya m'gadeni kuno ku Joni mumandifunsa za mbalame yamlomo wautali ija, yomwe imakudzutsani m'mamawa ndi kulira kwake kogonthetsa m'khutu. Eni dziko amaitcha hadeda. Funso limakhala lakuti, bwanji yachuluka chonchi pakati pa tauni? Monga munthu amene ntchito yake ndi yoona za nyama ndi malo ake, ndimayankha kuti mumaiweta ndinu.

Golide asanapezeke m'chaka cha 1886, kuno kunali udzu wokhawokha. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mvula yambiri imagwa m'miyezi yotentha, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye chisanu ndi moto wolusa zinkapha timitengo tisanakule. Nkhalango mukuionayi ndi yochita kubzala. Bulugamu wa kudera la Saxonwold anabzalidwa kuti migodi ipeze mitengo yochirikizira, pomwe jakaranda anachokera ku South America.

Hadeda amafuna zinthu ziwiri: mtengo wautali wogonamo ndi kumangamo chisa, komanso dothi lofewa. Iye sadalira maso okha pofufuza chakudya. Amazika mlomo pansi, ndipo nsonga yake imamva kugwedezeka kwa nyongolotsi ikamayenda m'dothi. Panthaka youma gwa luso limeneli siligwira bwino. Ndiye inu mukatsegula mpope pa kapinga wa abwana mu Ogasiti, kunja konse kuli fumbi, mwamuyalira mphasa ndi kumuikira nsima.

Madzi omwewo ndi amene anachulukitsa kachilombo kofiira konga nkhululu kaja, kotchedwa Parktown prawn, komwe kwawo kwenikweni n'kumalo achinyezi. Musakayese ndiwo, kakaopsezedwa kamatulutsa madzi akuda onunkha. Hadeda amakameza osanyansidwa, n'chifukwa chake sindigwirizana nawo omuthamangitsa.

Koma phindu la hadeda ndi tsoka la ena. Timbalame toikira mazira pansi m'maudzu sitingakhale pa kapinga wometedwa sabata iliyonse, ndipo mitengo ikatseka dzuwa, udzu wachilengedwe umatha. Zachilengedwe zotsala zathawira m'tizigawo tochepa. Tsiku lopuma kayendeni kumalo osungirako zachilengedwe, ku Melville Koppies, kapena ku Klipriviersberg kummwera kwa mzindawu, komwe mbidzi ndi nyumbu zikudyabe msipu wakalewo. Mukaima pachitunda, chetechete, nyumba za ku Mondeor zimaoneka pansi pomwepo.