Madzi ndiwo amagumula damu la zinyalala za mumgodi

Pa 18 Febuluwale 2025, khoma la damu losungira zinyalala za kampani ya mkuwa ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka. Madzi a asidi anakhuthukira mumtsinje wa Mwambashi n'kukalowa mu Kafue. Nsomba zinayandama zitafa, mbewu za m'madimba zinapserera, ndipo anthu a ku Kitwe anatsekeredwa madzi a m'mipopi. Boma linachita kuthira njereza mumtsinje kuchokera m'ndege kuti asidiyo achepe ukali. Kafue yemweyu ndiye amamwetsa Lusaka.

Ife a ntchito yoyeza nthaka ndi makoma a madamu timawaopa madamu amenewa kuposa a madzi akumwa. Damu la madzi limamangidwa kamodzi n'kutha. La mumgodi limakwezedwa chaka ndi chaka pamene matope akuchuluka, chifukwa mwala ukaperedwa n'kuchotsamo mkuwa, pafupifupi wonse umatsala ngati phala la mchenga wosalala, madzi ndi mankhwala. Phalalo silibweretsa ndalama, choncho pamakhala chiyeso cholisunga motchipa.

Njira yotchipa kwambiri ndiyo kumanga khoma latsopano pamwamba pa matope omwewo amene anathiridwa kale. Apa ndi pamene pagona ngozi. Amene anapondapondapo mchenga wonyowa m'mphepete mwa mtsinje akudziwa: poyamba umaoneka wolimba, koma ukangougwedeza umasungunuka n'kumeza phazi. Matope odzaza madzi amachitanso chimodzimodzi, ndipo khoma lokhala pamwamba pake limatsala opanda poima. Ndi zimene zinachitika ku Brumadinho m'dziko la Brazil pa 25 Januwale 2019. Damu la kampani ya Vale linaphulika nthawi ya nkhomaliro, matope n'kukwirira nyumba yodyeramo antchito imene inamangidwa kumunsi kwake. Anthu 270 anafa. Belu lochenjeza silinalire, ndipo miyezi yochepa m'mbuyomo damulo linali litapatsidwa chikalata chonena kuti n'lolimba. Chikalatacho chimandiwawa mpaka lero, chifukwa anasainira ndi anthu a ntchito ngati yanga.

Brazil analetsa kamangidwe kameneka ngoziyo itachitika. Chile, dziko la zivomerezi, analetsa kalekale.

Kupewa kwenikweni kumayambira pa madzi. Dziwe la pamwamba pa matope lisamafike pafupi ndi khoma. Ngalande zopatutsa madzi a mvula zizikhala zolambulidwa dzinja lisanayambe, ndipo pakhale malo okwanira kulandira chimvula cha masiku angapo osasefukira. Si mwangozi kuti damu la ku Chambishi linagumuka mu Febuluwale, mvula ili pakati. M'kati mwa khoma timakwiriramo zida zotchedwa piezometer, zimene zimaonetsa pamene madzi afika. Koma chida sichiimitsa mgodi. Pafunika munthu wowerenga manambalawo sabata iliyonse, wokhala ndi mphamvu yonena kuti lekani kuthira matope lero, popanda kuopa kuchotsedwa ntchito. Pamene ndalama zilipo, njira yabwino koposa ndiyo kufinya matopewo ndi makina mpaka atatsala onyowa pang'ono chabe, kenako kuwaunjika ndi kuwatsendera. Ouma sayenda.

M'chaka cha 2020 panatuluka ndondomeko ya padziko lonse yosamalira madamu amenewa, yokonzedwa ndi bungwe la migodi la ICMM pamodzi ndi UNEP (nthambi ya United Nations yoona zachilengedwe) ndi PRI (bungwe la oika ndalama m'makampani). Imafuna kuti akatswiri osadalira kampani aziunika damu, komanso kuti anthu okhala kumunsi adziwe kumene matope angadutse ndi kothawira. Vuto lake n'lakuti imagwira okhawo amene aivomereza, pokhapokha boma litaiika m'malamulo ake.

Ku Malawi nkhaniyi yafika pakhomo. Migodi ikukonzedwa ku Kasiya ndi ku Kangankunde, ndipo ku Kayelekera damu la zinyalala za uranium lilipo kale. Mafumu ndi anthu a m'midzi yoyandikana ali ndi ufulu wofunsa pamisonkhano: khoma likwezedwa motani, akuliyeza ndani, lipoti lake tiliona liti, nanga mgodi ukadzatsekedwa ndalama zosamalira damu zidzachokera kuti? Funso lomalizali ndi limene limazembedwa kwambiri, chikhalirecho matope amatsala pomwepo kampani itapita. Madzi a ku Kayelekera amatsikira mu Sere, Sere amathira mu North Rukuru, ndipo North Rukuru amakathera m'nyanja ya Malawi ku Karonga.