Amaya Sanazimirire Ayi

Sitima zikuluzikulu zonyamula alendo zikakocheza pa chilumba cha Cozumel ku Mexico, anthu ambiri amawolokera kumtunda kukaona mabwinja a Tulum, mzinda wakale wa anthu a mtundu wa Amaya. Akamabwerera amakhala akubwereza nkhani yakalekale ija yoti Amaya anangozimirira, osadziwika kumene analowera. Si zoona, ndipo zimandiwawa chifukwa zimanenedwa eni akewo ali pomwepo.

Chinachitika n'chakuti mizinda ya kummwera kwa dera la Amaya monga Tikal ndi Calakmul inasanduka mabwinja pakati pa zaka za 800 ndi 950. Chilala chokhalitsa, nkhondo za mafumu ndi kuguga kwa nthaka zinagwetsa maufumuwo, anthu n'kusamuka. Nthawi yomweyo mzinda wa Chichén Itzá unali kukula kumpoto. Ku Tulum komweko kunali kudakali anthu pamene Asipanishi a Juan de Grijalva anadutsa panyanja mu 1518, ndipo Nojpetén, mzinda wotsiriza wodzilamulira wa Amaya, unagonja kwa Asipanishi mu 1697.

Nanga lero? Kalembera wa mu 2018 ku Guatemala anapeza Amaya oposa 6 miliyoni. Ku Mexico anthu oposa 770,000 amalankhula Chimaya cha ku Yucatán. Rigoberta Menchú, amene analandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 1992, ndi Mmaya wa fuko la K'iche'.

Woyendetsa basi, wokuonetsani malo, mayi wogulitsa malaya opeta pachipata, kawirikawiri ndi Amaya. Mukatchera khutu mudzamva akupatsana moni kuti "Bix a beel?", kutanthauza kuti njira yako ili bwanji.