Musalembe kalata yosiya ntchito chifukwa choti bwana wakuuzani

Ntchito ya HR, yoona za antchito pa kampani, ndaigwira zaka zambiri ndipo pali mawu amodzi omwe ndatopa nawo kuwamva. Munthu amabwera atanyamula envelopu ya mapepala, nkhope ili zii, nkumati "anandiuza kuti ndingorizaina kuti mbiri yanga isaipe, ndiye ndinalemba." Abale anga, mbiri yake iti? Kalata imene mwalembayo yathandiza abwanawo, inuyo yakuvulani.

Employment Act ya chaka cha 2000, yomwe ndi lamulo la za ntchito ku Malawi, imanena momveka pa gawo 57 kuti munthu sangachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati akumuganizira kuti walakwa kapena sakuikwanitsa ntchito, ayenera kupatsidwa mpata woti adziteteze kaye. Izi ndi zomwe timati hearing. Komanso nkhani ikafika kwa a leba kapena kukhothi, amene amayenera kuonetsa chifukwa chomwe anakuchotserani ndi olemba ntchito, osati inu. Tsono mukalemba nokha kuti ndasiya ntchito, katundu yense uja mwamusenza ndinu, muyenera kukatsimikizira oweruza kuti anakukakamizani kapena anakuzunzani mpaka simukanatha kupitiriza, ndipo umboni wake mukautenga kuti poti zinachitikira muofesi chitseko chili chotseka muli anthu atatu basi, awiri mwa iwo ndi mabwana? Amadziwa zimenezi ndi chifukwa chake amakupatsani pepala ndi cholembera mwachangu chonchija.

Pali mayi wina yemwe nkhani yake imandiwawabe mpaka lero. Ankasunga katundu mu sitolo pa kampani ina yogulitsa zinthu pa holoselo, anagwirapo zaka 12 popanda ngakhale kalata imodzi yomuchenjeza. Tsiku lina powerenga stoko anapeza kuti makatoni ena sakuoneka. Makiyi a sitolo imeneyo sankasunga yekha, analipo enanso, koma amene anaitanidwa ndi iyeyo, Lachisanu madzulo anthu akuweruka, nkumuuza kuti sankhanipo mayi, tiitane apolisi mukagone muselo weekend yonse kapena mulembe kalata muzipita mwamtendere. Mayi wa ana, mwana wina ali pa sukulu yolipira, anaganiza za manyazi kumpingo ndi kwa apongozi, analemba. Mawu ake anachita kumuuza ndi iwo omwewo kuti lembani kuti ndasiya mwa kufuna kwanga.

Taonani zomwe zinapita ndi mizere itatu imeneyo. Malinga ndi lamulo monga analikonzera mu 2010, severance, ndalama yomwe munthu amalandira pochotsedwa ntchito potengera zaka zomwe wagwira, imaperekedwa kwa munthu amene wachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito kapena ili pa mavuto a zachuma, kapenanso wachotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha sapatsidwa. Kawerengedwe kake ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse mzaka zisanu zoyamba, masabata atatu kuyambira chaka chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi masabata anayi pa chaka chilichonse kupyola pamenepo. Kwa mayiyu anali masabata 33 a malipiro, osawerengera chipukuta misozi chomwe khothi likanatha kulamula likanapeza kuti anamuchotsa molakwika. Ndipo ndikukhulupirira kuti akanakana kulemba, hearing ikanachitika, funso la makiyi lija likanafunsidwa ndipo wina akanasowa poyankha.

Koma chomwe chimandipweteka kwambiri ndi zomwe zinachitika pambuyo pake. Mmalo mopita ku ofesi ya leba, yomwe imapezeka pa boma ndipo salipiritsa kumva dandaulo, anakumana ndi dobadoba wina yemwe anadzitcha kuti ndi konsalitanti wa nkhani za ntchito, akuti amadziwana ndi akuluakulu kukhothi, atha kuithamangitsa nkhaniyo. Analipira ya fomu, kenako ya transipoti, kenako ya "kuwaona anyamata a mkatimo", ndalama zake zomwe zija za masiku a tchuthi zomwe anamupatsa pochoka. Mwezi ndi mwezi ankangouzidwa kuti fayilo ikuyenda. Panalibe fayilo iliyonse. Pamene mbale wake anamubweretsa kwa ine miyezi itatu inali itadutsa kalekale, mlonda amene anaona anthu akutulutsa katundu usiku anali atasiya ntchito nkubwerera kumudzi, ndipo foni yomwe munali mauthenga a WhatsApp a abwana aja inali itagulitsidwa kuti apeze ya lendi.

Miyezi itatu imeneyi muisunge mmutu. Gawo 62 limapereka miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe mwachotsedwa kuti mukadandaule kwa District Labour Officer, mkulu wa ofesi ya leba pa boma. Iyeyo amaitana mbali zonse ziwiri kuyesa kuyanjanitsa, zikakanika nkhani imapita ku Industrial Relations Court (IRC), khothi loona za ntchito lomwe lili mmizinda monga Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo kumeneko munthu atha kudziimira yekha popanda loya. Ngati mukufunadi thandizo la loya koma ndalama mulibe, kuli Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu omwe sangakwanitse kulipira loya. Ngati muli mu yuniyoni auzeni tsiku lomwelo. Munthu wokumana naye pansi pa mtengo kunja kwa ofesi yemwe sakupatsani risiti, ofesi yake ndi foni basi, ameneyo akudyerani ndalama. Chimodzimodzi aja amati bweretsani dothi la pakhomo pa kampani tikukonzereni abwana akuitaneninso, ndaona anthu ophunzira bwino akutaya miyezi ndi zimenezi. Kupemphera pempherani, sindikukuletsani, koma mmawa mwake mudzuke mupite ku leba.

Ndiye mukaitanidwa mu ofesi nkukuikirani pepala patsogolo mutani? Nenani mwaulemu kuti bwana, ndipatseni mlandu wanga polemba ndipo mundipatse nthawi ndiyankhe. Basi. Osakalipa, osamenya tebulo, osatuluka nkukakhala kunyumba sabata yonse chifukwa chokwiya, pakuti kujomba popanda chilolezo ndi mlandu wina womwe angakuchotsereni nawo mosavuta ndipo pamenepo mwawapatsa nokha mpeni. Akakupatsani kalata ya hearing pitani, ngakhale mukuona ngati agamula kale, pitani mukalankhule zilembedwe, mupemphe kupita ndi mnzanu wa pantchito kapena wa yuniyoni. Kontrakiti yanu, ma payslip, makalata onse, khalani ndi makope kunyumba osati mu diloo ya ku ofesi, chifukwa tsiku limenelo mlonda amakuperekezani mpaka pa geti musanatsegule nkomwe diloo.

Ndipo kwa anzanga a HR, makamaka achinyamata omwe mwangoyamba kumene ndipo mukufuna kukwezedwa msanga, ndikudziwa kuti nthawi zambiri amene amatumidwa kukagwira cholembera chija ndinu. Abwana amati tamuthetsereni ameneyu lero lomwe. Auzeni kuti njira yake ndi kalata ya mlandu, nthawi yoyankha, hearing, kenako chigamulo cholembedwa, ndipo muwauze izi pa imelo kuti zikhalepo. Ngati munthuyo anabadi, njira imeneyi imuchotsa bwinobwino popanda kampani kudzalipira chipukuta misozi. Nkhani ikadzafika ku IRC abwana aja sadzapitako, adzatumiza inuyo kuti mukafotokoze chifukwa chake kalata yosiya ntchito inalembedwa muofesi mwanu Lachisanu madzulo apolisi akutchulidwa.