Jekete yotenthetsa ndi batire imadya moto wochuluka bwanji?

Ambiri akagula jekete kapena vesiti yotenthetsa amangoona nambala yaikulu ija pa power bank, 10,000 mAh (muyeso wa moto womwe batire limasunga), basi nkumati lero kuzizira kwandilephera tsiku lonse. Ayi ndithu, nambala imeneyo payokha siikuuzani zambiri, ife a zamagetsi timawerengera mawati, muyeso wa mphamvu yomwe chipangizo chimadya.

Mavesiti ambiri olumikiza pa USB amayendera mavoti 5, mukaika potentha kwambiri amakoka ma amp cha m'ma 2, ndiye mukachulukitsa mavoti ndi ma amp mupeza mawati 10. Tsono batire la mkati mwa power bank ndi la mavoti 3.7, mukachulukitsa ndi 10,000 mAh ija nkugawa ndi 1,000 mupeza ma watt-hour 37 (watt-hour imodzi ndi wati imodzi kwa ola limodzi), komanso moto wina umatayika poukweza kuchoka pa 3.7 kufika pa 5 moti otsala amakhala cha m'ma 30. Gawani 30 ndi 10, maola atatu basi batire lagona. Mukatsitsa batani la vesiti kufika pofunda pang'ono batire limakhalitsa chifukwa timawaya ta kaboni tamkatimo timangoyaka nkuzima, kuyaka nkuzima.

Za apanjinga yamoto nzina, zimatenga mavoti 12 kunjinga komweko ndipo jekete imodzi ikhoza kudya mawati opitirira 70, muonjezerenso magolovesi, ndiye yambani mwaona ngati njinga yanu imapanga moto wokwanira, apo bii idzakana kulira m'mawa.

Koma chomwe ndimafuna anthu amvetsetse ndi ichi, thupi lanu lomwelo mutangokhala phee limatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 100. Vesiti ikungoonjezera 10 okha! Ndiye mukaivala pamwamba pa juzi lokhuthala, mphepo nkumaiomba, mukutenthetsa mphepoyo osati inu. Ivaleni pafupi ndi thupi, pamwamba pa malaya opepuka amodzi, kenako kunja muvale chotchinga mphepo. Mukatero ngakhale pa batani lotsika mumva kufunda pamsana ndi pachifuwa, batire nkukufikitsani madzulo. Osaigunditsa pakhungu penipeni kwa nthawi yaitali, makamaka odwala shuga omwe khungu lawo silimva msanga kutentha, atha kupsa osadziwa.

Batire la lithium nalonso limadana nako kuzizira, limafooka msanga, liikeni m'thumba lamkati momwe muli mofunda. Ndipo likazizira mpaka pansi pa madigiri 0 musalitchaje pompo, lisiyeni liyambe lafunda kaye m'nyumba, mukalitchaja lili choncho limaonongeka mkati.