Kugwedeza mutu si kumva

Mphunzitsi aliyense wa ku yunivesite anazionapo izi: wafotokoza kwa ola lathunthu, wafunsa kuti "tamvana?", onse agwedeza mitu. Ikatha sabata uwafunse zomwezo, m'kalasi monse muli zii.

Sikuti ananama ayi. Kumvetsera munthu wodziwa kulongosola kumakoma, ndipo kukomako kumatipusitsa kuti zalowa.

Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University ku St. Louis anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge. Ena anaiwerenga mobwerezabwereza. Ena anangowerenga kwa mphindi 5, kenako anawalanda pepala n'kuwauza kuti alembe zonse zimene akukumbukira, mpaka katatu. Atawayesa patangopita mphindi zochepa, obwereza aja ndiwo anakhoza bwino. Koma itatha sabata zinatembenuka: iwo anakumbukira 40 peresenti yokha, anzawo ovutika aja 61 peresenti. Chikhalirecho, amene ankadzidalira kwambiri kuti saiwala anali obwerezawo!

Ndiye kuti thukuta lofukula chinthu m'mutu ndi limene limachikhazika. Kulemba mizere pansi pa manotsi sikufika pamenepo.

Eric Mazur, mphunzitsi wa fizikisi ku Harvard, anazindikira cha m'ma 1990 kuti ophunzira ake ankatha masamu ovuta koma n'kumaphonya mafunso ofuna kumvetsa. Anayamba kumadukiza phunziro ndi funso limodzi. Aliyense ayankhe payekha, kenako atsutsane ndi amene wakhala naye pafupi, ayankhenso. Mnzako amene wangomvetsa kumene amakumbukira pamene anaphunthwa. Ife aphunzitsi tinaiwala kalekale.

Scott Freeman ndi anzake mu 2014 anasonkhanitsa kafukufuku 225 wa maphunziro a sayansi, masamu ndi uinjiniya. M'makalasi ongomvetsera, pafupifupi 34 pa 100 alionse ankalephera; kumene ophunzira ankagwira nawo ntchito m'kalasi, 22.

Ine mphindi 5 zoyambirira sindiphunzitsa. Manotsi atseke, atenge kapepala, ayankhe mafunso atatu: awiri a phunziro lapita, limodzi la mwezi watha. Malikisi palibe, chifukwa ukangotchula malikisi amayamba kuonerana. Masabata oyamba amang'ung'udza, ena mpaka kunena kuti ndikuthawa ntchito. Zoona, silabasi imayenda pang'onopang'ono, ndipo mitu ina ndimachita kuwasiyira akawerenge okha. Koma timapepala tija timandiuza lero lomwe amene wasokonezeka ndi pamene wasokonekera, kudakali miyezi iwiri mayeso asanafike.